SUKULU YATHU: TIYAMBE NDI CHITI?

Nkhani yokambidwa pa msonkhano wa atsogoleri a miphakati, makomiti a sukulu ndi makolo m'boma la Karonga

MAU OYAMBA



Nkhani yathu lero ndi ya sukulu za pulayimale za m'midzi mwathu. Titafunsa pano kuti kodi sukulu yanu ikusowa chiyani, palibe amene angakhale chete. Wina anena midadada, wina nyumba za aphunzitsi, wina zimbudzi, wina mabuku, wina mjigo, wina mpanda, winanso mayunifolomu a timu ya mpira. Zonsezi n'zoona. Koma titafunsa funso lachiwiri, lakuti mwa zonsezi tiyambe ndi chiti chaka chino, ndipo tiyambe tasiya chiti, pamenepo msonkhano umazizira.

Funso lachiwirili ndilo ntchito ya mtsogoleri. Kutchula mavuto aliyense angathe. Koma kusankha vuto limodzi kapena awiri, kufotokozera anthu chifukwa chake, ndi kulondola chimene tasankhacho mpaka chitatheka, umenewo ndiwo utsogoleri umene tikufuna kukambirana. Tikalephera kusankha, amene amalipira ndi mwana uja amafika Sitandade 4 asanadziwe kuwerenga, ndi mtsikana uja amasowa m'kaundula ali Sitandade 6.

1. ZIMENE TINAPHUNZIRA M'CHAKA CHA 1994

Pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse lino munawerengedwa kalata ya maepiskopi athu ya m'nyengo ya Lenti. Ambiri timaikumbukira chifukwa cha ndale, pakuti ndiyo inatsegula njira yopita ku referendamu ya pa 14 Juni 1993. Komatu kalata ija inadandaulanso za maphunziro: kuthithikana kwa ana m'makalasi, kuchepa kwa aphunzitsi ndi zipangizo, ndiponso kuchuluka kwa anthu osadziwa kulemba ndi kuwerenga.

Boma la Pulezidenti Bakili Muluzi litalowa mu Meyi 1994, linathetsa fizi ya ku pulayimale. Chinali chinthu chabwino kwambiri, ndipo ena mwa aphunzitsi, anamwino ndi ansembe amene tili nawo lero sakadaponda m'kalasi pakadapanda chimenechi. Koma taonani zimene zinatsatira. M'chaka chimodzi chokha chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Makalasi anali omwe aja, mabuku omwe aja. Ana anakhala pansi pa mitengo ya mango. Boma linalemba mwachangu aphunzitsi zikwizikwi amene anali asanapite ku koleji, linawaphunzitsa masabata owerengeka n'kuwapatsa choko. Maphunziro owasula bwino, otchedwa MIITEP, anayamba mu 1997, ndipo midadada yambiri inadzamangidwa pambuyo pake kudzera ku MASAF. Alendo anaitanidwa nyumba isanafoleredwe.

Phunziro loyamba ndi lakuti cholinga chabwino chimafuna kuwerengera: anthu angati, ndalama zingati, chiyambe n'chiti. Ambuye Yesu anaphunzitsa zomwezi pa Luka 14:28-30, pamene anakamba za munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayenera kukhala pansi n'kuona ngati chuma chake chikwana, kuopa kusekedwa atasiyira pa maziko.

Phunziro lachiwiri ndi la mau aja akuti "ulele". Makolo ambiri atawamva anaganiza kuti tsopano sukulu ndi ya boma, ndipo ntchito zodzithandiza zinazilala. Ena ankati kututa mchenga pa sukulu ndi thangata, ndipo thangata linatha ndi chipani chimodzi. Choncho ana anachuluka pa nthawi yomwe makolo anabwerera m'mbuyo. Bala limeneli silinapole kwenikweni mpaka lero.

2. KODI SUKULU NDI YA YANI?

Mpingo umayankha momveka. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha maphunziro cha mu 1965, unaphunzitsa kuti aphunzitsi oyamba a mwana ndi makolo ake, ndipo sukulu imawathandiza pa udindo umenewu. Kale mu 1931 Papa Pius XI anali ataphunzitsa kuti chimene anthu a pansi angathe kuchita okha, akuluakulu asawalande. Malamulo a dziko nawonso akugwirizana nazo. Gawo 25 la malamulo aakulu a dziko lino likuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Mu 1998 boma linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu, mu 2004 linatulutsa ndondomeko yoti anthu a m'midzi azitengapo mbali poyendetsa sukulu za pulayimale, ndipo lamulo la maphunziro la mu 2013 linati mwana aliyense ayenera kupita ku pulayimale, afune asafune.

Tsono pa sukulu pali maudindo angapo, ndipo ndi bwino kuwasiyanitsa.

Mwini sukulu ndiye amasunga malo ndi chikhalidwe cha sukuluyo. Sukulu za Katolika kuno zili m'manja mwa Dayosizi ya Karonga, imene inakhazikitsidwa mu 2010 ndipo episkopi wake woyamba ndi Ambuye Martin Mtumbuka. Zina ndi za Sinodi ya Livingstonia kapena mipingo ina, zinanso ndi za boma. Ana athu ali m'sukulu zonsezi, ndiye zimene tikunena pano zikukhudza sukulu iliyonse imene mwana wa m'mphakati mwanu amapitako.

Boma limatumiza ndi kulipira aphunzitsi, limakonza silabasi, ndipo kudzera ku MANEB limalembetsa mayeso a Sitandade 8. Diso la boma m'dera ndi mlangizi wa sukulu, amene timamutchula kuti PEA.

Mphunzitsi wamkulu amayang'anira kaphunzitsidwe ndi mwambo wa tsiku ndi tsiku. Komiti ya sukulu imayang'anira chitukuko, katundu ndi ndalama. Bungwe la makolo ndi aphunzitsi, la PTA, ndilo bwalo la makolo onse, kumene komiti imakapereka lipoti. Gulu la amayi a pa sukulu limalondola atsikana ndi ana osowa. Mafumu amamema anthu, amaweruza za malo, ndipo mau awo amamveka kumene kalata ya ahedi siingafike.

Maudindowa akasokonekera, sukulu imadwala. Taonapo komiti ikufuna kuuza mphunzitsi kaphunzitsidwe ka masamu, pamene denga la Sitandade 2 likudontha. Taonapo mphunzitsi wamkulu akusunga yekha buku la ku banki, kugula yekha simenti, kulemba yekha lipoti. Mose anayesa kusenza yekha milandu yonse ya Aisraele, ndipo pa Eksodo 18 mpongozi wake Yetero anamuchenjeza kuti adzalema, iye pamodzi ndi anthu ake, akapanda kugawa ntchito. Makolo athu anangoti mutu umodzi susenza denga.

3. CHOYAMBA: KUONA

Mu Mpingo tili ndi njira yakale yoganizira mavuto, imene wansembe wa ku Belgium, Joseph Cardijn, anaphunzitsa achinyamata apantchito, ndipo Papa John XXIII anaivomereza mu 1961. Njirayi ili ndi masitepe atatu: kuona, kuweruza, kuchita. Amene munali mu YCS kapena YCW mukuidziwa. Tiyeni tiigwiritse ntchito pa sukulu.

Kuona ndiye kuti kuwerenga zimene zilipo, tisanayambe kutsutsana. Komiti ipatule tsiku limodzi, ipemphe ahedi atulutse makaundula, ndipo ifufuze zinthu izi.

(a) Ana alipo angati m'kalasi iliyonse? Lembani anyamata paokha, atsikana paokha, kuyambira Sitandade 1 mpaka 8. Mudzaona kuti mzerewo ukunka nuchepa. Funso ndi lakuti ukuchepa kwambiri pa kalasi iti. Pamenepo ndiye pali dzenje limene ana akugweramo. Lembaninso amene akubwereza kalasi.

(b) Ana amajomba miyezi iti? Kuno kwathu kujomba kuli ndi nyengo yake. Mu Malichi ndi Epulo mitsinje ya North Rukuru, Lufilya ndi Songwe imadzaza, ndipo mwana wa Sitandade 1 sangaoloke ngakhale kakhwawa kakang'ono. Ku masikimu a mpunga a Hara, Wovwe ndi Lufilya ana amasowa nthawi yookera ndi yopirikitsa mbalame. M'mbali mwa nyanja, ku Kaporo, ku Ngara, ku Chilumba, usipa ukagwa anyamata amachezera ku nyanja n'kumasinza m'kalasi. Kufupi ndi boda ya Songwe ena amakopeka ndi maganyu osenza katundu. Kwina ndi ubusa wa ng'ombe, kwina tsiku la msika. Mankhwala a vuto lililonse mwa amenewa ndi osiyana, n'chifukwa chake tiyenera kudziwa limene lili pa sukulu yathu.

(c) Kodi ana akuwerenga? Ili ndilo funso lalikulu, ndipo silifuna ndalama. Mogwirizana ndi aphunzitsi, tengani ana khumi a Sitandade 2 ndi khumi a Sitandade 4, osasankha anzeru okhaokha. Aliyense payekha mumpatse ndime yaifupi imene sanailoweze pamtima. Lembani angati awerenga bwino, angati akudodoma, angati sakutha ngakhale liwu limodzi. Tikumbukire kuti mwana wa kuno amachokera ku nyumba kumene amalankhula Kyangonde, Chitumbuka, Chinyakyusa, Chindali kapena Chilambya, ndipo pa sukulu amakumana ndi Chichewa ndi Chingerezi nthawi imodzi. Mtolo wake ndi wolemera kuposa wa mnzake wa ku Dedza. Kuchedwa kwake si umbuli, koma kukufuna mphunzitsi waluso ndi wodekha.

(d) Aphunzitsi alipo angati, ndipo agawidwa bwanji? Cholinga cha boma ndi chakuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana osapitirira 60. Koma musangogawa chiwerengero cha ana onse ndi cha aphunzitsi onse. Lowani m'kalasi iliyonse. Pa sukulu zambiri mudzapeza kuti Sitandade 1, imene ili ndi ana ochuluka kuposa makalasi onse, ili ndi mphunzitsi mmodzi, pamene Sitandade 8, ya ana ochepa, ili ndi aphunzitsi atatu kapena anayi osinthanasinthana. Funsaninso kumene aphunzitsi amagona, mtunda umene amayenda, ndi nthawi imene phunziro loyamba limayambadi.

(e) Zimbudzi zilipo zingati zogwira ntchito, ndipo za atsikana zili ndi zitseko? Madzi akumwa ndi osamba m'manja ali pati? Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja, kuphatikizapo lathu lino, sanaphonyedwe.

Pomaliza, afunseni ana eni ake. Atsikana aakulu akambe ndi amayi paokha, popanda aphunzitsi aamuna, pakuti pali zinthu zimene sanganene pa bwalo. Safunsa anadya phula.

4. CHACHIWIRI: KUWERUZA

Apa ndi pamene makomiti ambiri amagwa. Mndandanda wa mavuto ukatalika, pamabwera mayesero ofuna kukondweretsa aliyense. Ndalama zochepa zija zimagawidwa pang'onopang'ono: matumba awiri a simenti ku mpanda, malata asanu ku ofesi, penti ku chikwangwani. Chaka chikamatha paliponse pali maziko, koma palibe chimene chatha. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Poweruza, vuto lililonse tiliyese ndi mafunso anayi.

1. Kodi likukhudza ana angati, makamaka ofooka: aang'ono, atsikana, amasiye ndi olumala?
2. Tikalisiya chaka chino, chionongeke n'chiyani chimene sichidzakonzekanso?
3. Kodi tingalithe ndi mphamvu zathu, kapena likufuna khonsolo, dayosizi kapena abwenzi akunja?
4. Likatha, kodi lipepukitsa mavuto ena?

Tiyerekeze sukulu ina kumene anthu abweretsa zofuna zinayi: mpanda, ofesi yatsopano ya ahedi, nyumba ya mphunzitsi, ndi zimbudzi za atsikana. Pa kuona kuja komiti yapeza kuti atsikana akuchepa kwambiri pakati pa Sitandade 5 ndi 7, ndiponso kuti mphunzitsi wa Sitandade 1 amapalasa njinga mtunda wautali, kotero nthawi ya mvula amafika dzuwa litakwera.

Mpanda ndi wabwino, pakuti ng'ombe zimadutsa pa bwalo. Koma ng'ombe zingaletsedwe ndi lamulo la mfumu, ndipo mpanda wa mitengo yobzala ungayambe popanda simenti. Ofesi imapatsa sukulu ulemu, koma palibe mwana amene anasiya sukulu chifukwa ofesi ndi yakale. Zimbudzi zikukhudza atsikana onse, mtengo wake ndi wotheka, ndipo mtsikana akasiya chaka chino n'kukwatiwa, kumubweza n'kovuta. Nyumba ya mphunzitsi ikukhudza kalasi yaikulu kuposa onse, koma ikufuna ndalama zambiri. Komiti yanzeru idzati: chaka chino timalize zimbudzi, za nyumba tilembe kalata ku khonsolo ndi ku dayosizi, ndipo podikira, mfumu ipeze nyumba ya lendi kufupi ndi sukulu, mpanda ndi ofesi zidikire. Ndipo idzanena poyera kuti zidikire, ndi chifukwa chake, kuti amene anazipempha adziwe kuti mau awo anamveka.

Zindikirani kuti kusankha ndi kukana chinthu chabwino chifukwa cha china chofunika koposa. Mtsogoleri woopa kukana sangathe kusankha.

Zindikiraninso kuti zosankha zina zazikulu sizifuna ndi tambala yomwe. Chachikulu mwa izo ndi ichi: kodi mphunzitsi waluso kuposa onse timuike kalasi iti? Mtima umathamangira ku Sitandade 8, chifukwa zotsatira za mayeso zimamveka mudzi wonse, ndipo ana akasankhidwa kupita ku Chaminade kapena ku St Mary's, dzina la sukulu limakwera. Sitikunyoza zimenezi. Koma ana amene afika Sitandade 8 ndi otsala chabe mwa khamu lija linayamba Sitandade 1. Mwana amene sanadziwe kuwerenga m'makalasi oyamba sangamve sayansi, sangamve funso la masamu, amabwereza, amakula, amachita manyazi, kenaka amasiya. M'mera mpoyamba. Kugawa aphunzitsi ndi udindo wa ahedi pamodzi ndi a PEA, koma makolo ali ndi ufulu wofunsa, ndipo ahedi olimba mtima amene asuntha mphunzitsi wabwino kupita ku makalasi aang'ono ayenera kutetezedwa ndi komiti anthu akayamba kung'ung'udza.

Zina zosafuna ndalama ndi izi: makolo kusinthana poperekeza ndi kuolotsa ana aang'ono nthawi ya mvula, mafumu kugwirizana ndi eni makoka kuti mwana wa sukulu asapezeke pa doko usiku, achinyamata amene anamaliza Folomu 4 kuwerenga ndi ana madzulo pa tchalitchi, ndi kuwamasulira mau ovuta m'chinenero cha kwawo.

Za atsikana tinene mosabisa. Lamulo la maukwati la mu 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane nalo. Mwambo wa kupimbira, wopereka mwana wamkazi pobweza ngongole kapena pofuna ng'ombe, ndi mlandu pamaso pa boma ndiponso tchimo pamaso pa Mulungu. Kuyambira 1993 boma limalola mtsikana amene anatenga mimba kubwerera ku sukulu akabereka. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, kafukufuku wa boma anapeza mimba za atsikana pafupifupi 40,000 ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000 m'miyezi yowerengeka. Izi zinationetsa kuti sukulu ndi linga la mtsikana. Choncho ngati kaundula akuonetsa kuti dzenje lili pa atsikana aakulu, komiti isathamangire ku penti.

5. CHACHITATU: KUCHITA

Chimene tagwirizana chilembedwe. Pulani ya sukulu isakhale buku lalikulu losungidwa m'kabati kudikira alendo a ku boma. Pepala limodzi likwana, lokhala ndi mizere isanu:

Tichita chiyani?
Atsogolera ndani? Palembedwe dzina la munthu, pakuti ntchito ya "tonse" imagona panja.
Chitha liti? Palembedwe tsiku ndi mwezi.
Chifuna ndalama zingati ndi zipangizo zanji, ndipo zichokera kuti?
Tidzadziwa bwanji kuti chathandiza?

Mzere wachisanuwu umaiwalika kawirikawiri. Ngati tinamanga zimbudzi kuti atsikana asasiye sukulu, chaka chamawa titsegulenso kaundula tione ngati asiya ochepa. Ngati tinasuntha mphunzitsi, tiitanenso ana khumi awerenge. Zikapanda kusintha, tibwerere pa kuona, chifukwa mwina gwero la vuto lili pena.

Za ndalama. Mu 2006 boma linayamba kupereka thandizo lolunjika ku sukulu, ndipo kuyambira 2010 linakhazikitsa ndondomeko yotukula sukulu za pulayimale, yoti sukulu iliyonse izilemba pulani yake pamodzi ndi makolo, n'kulandira ndalama ku akaunti yake ya ku banki. Tonse tikudziwa kuti ndalamazi zakhala zochepa poyerekeza ndi zosowa, ndipo nthawi zina zafika mochedwa, mitengo ya zinthu itakwera kale. Chimenechi ndi chifukwa chinanso chokhalira ndi pulani ndalama zisanabwere. Ndalama zikapeza komiti isanagwirizane, zimatsata mau a munthu wolankhula mokweza.

Za zomangamanga, ife a ku Karonga tili ndi phunziro limene maboma ena alibe. Mu Disembala 2009 zivomezi zinagwedeza boma lino kwa masabata awiri. Anthu anayi anamwalira, mazana anavulala, ndipo nyumba zambiri, pamodzi ndi midadada ya sukulu, zinagwa kapena kung'aluka. Tikukhala m'chigwa chachikulu chimene nthaka yake imasuntha, ndipo chivomezi sichipangana tsiku. Tsono mdadada umene mudzakhale ana ambiri usamangidwe mongoyerekeza. Maziko akhale akuya, simenti isachepetsedwe, ndipo pamwamba pa mazenera pakhale lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira khoma lonse. Mmisiri asankhidwe chifukwa cha ntchito imene anagwirapo kale, ngakhale asakhale mbale wa wapampando, ndipo a zomangamanga a ku khonsolo aitanidwe kudzaona ntchito isanafike pa denga. Musanaumbe njerwa funsani ku khonsolo, chifukwa kuyambira 2018 pali malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma. Malo omangapo afunsidwe kwa akuluakulu amene akudziwa pamene madzi anafika zaka za chigumula. Kuli bwino chipinda chimodzi cholimba kusiyana ndi ziwiri zodzagwera ana.

Ndiponso madzi akasefukira, anthu amathawira ku sukulu, ndipo makalasi amasanduka misasa. Kuwalandira ndi chikondi chachikhristu. Koma komiti, mafumu ndi atsogoleri a tchalitchi akambirane mvula isanayambe: anthu adzagona zipinda ziti, mabuku adzasungidwa kuti, ndipo ana adzaphunzirira pati.

6. KUNENA POYERA

Anthu satopa ndi ntchito ya chitukuko. Chimene chimawatopetsa ndi kututa mchenga osadziwa kumene simenti inapita. N'chifukwa chake pulani ija, ndalama zimene zalowa, ndi zimene zagulidwa, zimatidwe pa khoma pamene aliyense angawerenge. Potapa ndalama ku banki asasayine munthu mmodzi. Chogulidwa chilichonse chikhale ndi lisiti, ndipo katundu akafika awerengedwe pamaso pa mboni. Pakutha pa teremu iliyonse komiti iime pamaso pa makolo n'kunena kuti: tinalonjeza ichi, tachita ichi, chatsala ichi. Lipotilo linenedwe m'chinenero chimene agogo akumva.

Kufunsa za ndalama za sukulu si mwano. Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko limapereka ufulu wodziwa zimene maofesi a boma akusunga, ndipo lamulo lothandiza ufulu umenewu linayamba kugwira ntchito mu 2020. Koma tifunse pa msonkhano, mwaulemu, osati pa mowa kapena pa chitsime. Msungichuma wokhulupirika amakondwa akafunsidwa, chifukwa mafunsowo ndiwo amayeretsa dzina lake. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Pepala la pulani limatitetezanso kwa andale. Phungu kapena khansala akabwera ndi mphatso, timulandire bwino, kenaka timuonetse pepala lija kuti chosowa chathu choyamba ndi ichi. Mudzi wopanda pulani umalandira mipira pamene ukusowa zimbudzi, n'kuvina. Ndipo pa bwalo la sukulu pasakhale mbendera ya chipani, pakuti ana a zipani zonse amakhala pa mkeka umodzi.

MAU OTSIRIZA

Abale ndi alongo, posankha komiti tisayang'ane chuma, mtundu, mpingo kapena chibale. Tiyang'ane munthu amene amafika pa sukulu ngakhale palibe alawansi, amene amamvera amayi ndi ana asanalankhule, amene angathe kukana pempho la mnzake popanda chidani, ndiponso amene nthawi yake ikatha amapereka mabuku onse kwa omulowa m'malo. Amayi asankhidwe pa maudindo enieni, monga wapampando ndi msungichuma, osati ophika pa tsiku la msonkhano chabe. Mkhristu akasankhidwa adziwe kuti umenewu ndi utumiki, wofanana ndi kutsogolera mapemphero a mphakati.

Sitingathetse mavuto onse a sukulu m'chaka chimodzi. Koma sukulu imene imamaliza chinthu chimodzi chofunika chaka chilichonse, mwana amene wayamba Sitandade 1 lero akamadzalemba mayeso idzakhala itamaliza zinthu zisanu ndi zitatu. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Mulungu atipatse nzeru zosankha bwino ndi mtima wopirira.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MIPHAKATI

Wotsogolera afotokoze mafunsowa m'chinenero chimene anthu a pamalopo amalankhula, ndipo mlembi alembe mayankho.

1. Kodi a m'komiti ya sukulu yathu ndi ndani? Anasankhidwa liti, ndipo anapereka liti lipoti kwa makolo?
2. M'mphakati mwathu muli ana angati a msinkhu wa sukulu amene sakupita? Tikuwadziwa maina? Chikuwaletsa n'chiyani?
3. Ndi miyezi iti imene ana a kuno amajomba kwambiri? Ife makolo tikuthandizira bwanji kujombako?
4. Tchulani zosowa zisanu za sukulu yathu. Ziyeseni ndi mafunso anayi a m'gawo 4. Choyamba n'chiti? Zidikire n'ziti?
5. Ndi chinthu chiti chimodzi chosafuna ndalama chimene mphakati wathu ungayambe mwezi uno? Atsogolera ndani, ndipo tidzakumana liti kuti tione m'mene chayendera?